Funsani Amakaniko: Njinga Yamoto Yoti Mayi Akwere Yekha

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa amayi ndi atsikana: alangizi a zaulimi, azaumoyo a m'midzi, aphunzitsi, ochita geni. Atopa ndi kukwezedwa pa kabaza, akufuna kugwira handulo okha. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo akuyankha ndi amakaniko athu pamodzi ndi ophunzitsa kukwera njinga.

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi, msinkhu wanga ndi masentimita 154. Kuntchito kuli Yamaha XTZ125, koma ndikakwera ndimangogunda pansi ndi nsonga za zala, moti ndagwa nayo kawiri nditaima chiimire. Ndikufuna kugula yangayanga. Munthu wamfupi ngati ine angakwanitse njinga yanji?
Mlangizi, Ntchisi

YANKHO: Mayi, 154 yanuyo sikutiuza zambiri. Anthu awiri ofanana msinkhu amatha kusiyana miyendo ndi masentimita 5, ndipo pa njinga chofunika ndi mwendo. Pitani kwa telala akuyezeni mwendo wam'kati monga achitira posoka thalauza, koma tepi ifike pansi penipeni, mutavala nsapato zimene muzikwerera njinga. Kunyumba muthanso: tsamirani khoma, panani buku lachikuto cholimba pakati pa ntchafu, likwezeni mpaka likukhudzeni ngati chishalo, wina alembe pakhoma pamene lafika. Pa msinkhu wanuwo tikuyembekeza 70 mpaka 73.

Tsopano yerekezani ndi kutalika kwa chishalo kuchokera pansi. XTZ125 ili pa masentimita 84. Yamaha AG200 ndi Honda XR125L zili cha pa 82 mpaka 83. Yamaha YBR125 ili pa 78, pamene Suzuki GN125 ndi za ku China zotengera kapangidwe kake zili pa 73 ndi theka. Zimene zadzaza pa masiteji a kabaza, Boxer, TVS HLX, Lifan ndi zinzake, zambiri zimagwera pakati pa 76 ndi 81. Mukuona nokha kuti njinga yakuntchitoyo yakupitirirani ndi masentimita oposa 10. Vuto si inu. XTZ anaikweza dala, tayala lakutsogolo la mainchesi 21 ndi mafoloko aatali, kuti injini isamagunde zitsa ndi miyala.

Komabe nambala za m'buku musazikhulupirire kwambiri. Njinga imatsika mukaikhalira: munthu wa makilogalamu 55 mpaka 65 amaitsitsa ndi masentimita 2 kapena 3. Ndiye pali china chimene ogulitsa satchula, kutambalala kwa chishalo. Chikakhala chotambalala kutsogolo, paja chimakumana ndi thanki, miyendo imatangadza, ndipo mwendo wotangadza sufika patali. Zishalo za njinga za kabaza anazipangira anthu atatu ndi thumba la chimanga, n'chifukwa chake Boxer imatha kumveka yaitali kuposa njinga ina yokwera kuiposa koma yopyapyala m'chiuno.

Choncho musatulutse ndalama pa njinga imene simunaikhalire. Iikeni pamalo athyathyathya, chotsani sitandi, wina agwire kaliyala. Kwa wophunzira, mapazi onse awiri afike pansi ndi mbali yakutsogolo, paja pamayambira zala, ngakhale zidendene zitakwerako pang'ono. Ipendeketseni kumanzere ndi kumanja, mumve ngati mwendo umodzi ukutha kuibweza. Khotetsani handulo mpaka kumapeto mbali zonse. Ngati mkono ukuwongoka mpaka kukuzulani pachishalo, handuloyo yakutalikirani, ndipo mudzavutika potembenuka m'kanjira ka m'munda. Mukatero tsikani, muikankhe masitepe 10 kutsogolo ndi 10 chobwerera. Njinga yokukanikani kukankha pabwalo la shopu idzakulizani pamchenga.

Okwera ozolowera saponda pansi ndi mapazi onse. Poima amatsitsa giya mpaka 1, phazi lamanja limakhala pa buleki yakumbuyo, chiuno amachisendeza kumanzere kwa chishalo, phazi lamanzere n'kuponda lonse. Mukazolowera zimenezi, chishalo choposa mwendo wanu ndi masentimita 6 kapena 8 sichikuopsaninso. Chenjerani ndi chimodzi chokha. Kuno timayenda kumanzere, ndipo msewu anaupanga wotsetsereka chakumphepete kuti madzi azitsika, ndiye pansi pa kumanzere pamakhala patali kuposa pa kumanja. Pamene tala anadyeka m'mphepete, phazi limaponda mphepo. Muziona popondapo musanaime. Pakakhala potsika, pondani ndi lamanja, njinga muigwire ndi buleki yakutsogolo.

Kugwa kwanu kawiri kuja tikukayikira dzanja lamanja. Munthu akafinya buleki yakutsogolo mwamphamvu handulo itakhota, mafoloko amabwira pansi ndipo njinga imagwera kumene yakhoterako. Pa liwiro la munthu woyenda pansi, wongolani handulo kaye, muime ndi buleki yakumbuyo.

Nanga mugule iti? GN125 ndi yotsika bwino, koma mimba yake ili pafupi ndi pansi, ndipo m'misewu yokumbika ya ku Ntchisi nthawi ya dzinja izigunda. Ife tingasankhe ya 125cc ya chishalo cha 77 mpaka 79, monga YBR125 kapena TVS HLX 125, n'kuchepetsa siponji ya chishalo ndi kuika matayala a mano akuluakulu. XTZ mudzaibwerera pakatha chaka, mwendo utaphunzira ntchito yake.

FUNSO: Achimwene anandisiyira Boxer popita ku Johannesburg. Ndi yabwinobwino koma yanditalikira. Makaniko wina akuti tiphwetseko matayala, wina akuti adule mashoko. Ndimvere uti?
Wogulitsa nsomba, Salima

YANKHO: Onse awiri ayi, achemwali. Tayala lophwa limatsitsa njinga ndi sentimita imodzi yokha, koma chubu chimatsinidwa ndi limu pa bampu yoyamba, valavu imang'ambika, ndipo njinga imapepeluka pokhota. Sipuling'i yodulidwa imauma, shoko n'kumagunda kumapeto.

Yambirani pa chishalo, poti n'chotchipa ndipo sichisokoneza kayendedwe ka njinga. Pitani nacho kwa osoka mipando ya galimoto. Amasule chikopa, alembe ndi choko pamene mumakhala, achotse siponji yokwana masentimita 2 kapena 3 pamwamba, koma yotsala isachepere 3 kapena 4, apo ayi pofika ku Nkhotakota msana udzakhala utathyoka. Chachikulu n'chakuti asenge m'mbali mwa kutsogolo, chishalo chikhale chopyapyala pamene ntchafu zimatsikira. Ambiri amadabwa kuona kuti kusenga m'mbaliko kumathandiza kuposa kudula pamwamba. Asasiye potsetsereka polozera ku thanki, chifukwa pa buleki iliyonse muzitsetserekera kutsogolo. Asanabwezere chikopa ayale pulasitiki, siponji isamamwe mvula.

Kenaka onani mashoko akumbuyo. Pansi pa sipuling'i pali kachitsulo ka masitepe, nthawi zambiri 5. Njinga yochokera kwa mwamuna wonenepa kapena kwa wa kabaza imakhala pa sitepe yolimbitsitsa. Bwezani pa yoyamba kapena yachiwiri, mbali zonse mofanana, ndipo izitsika bwino mukakhalapo. Tsiku lonyamula dengu lodzaza nsomba, kwezaninso.

Zikapanda kukwanira, gulani mashoko aafupi, koma asafupike kuposa masentimita 2 poyeza kuchokera pa bowo lapamwamba mpaka lapansi. Akamangidwa, anthu awiri akhalepo n'kuidumphitsa, muone ngati tayala silikukhula madigadi, ndipo tcheni achiyezenso. Dziwani kuti kutsitsa kumbuyo kokha kumakweza mphuno: nyale imawalira m'mitengo, handulo n'kumachedwa kukhota. Pa njinga zimene mafoloko amagwiridwa ndi mabawuti opana pamwamba ndi pansi, ngati XTZ, makaniko amatha kuwakweza ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, onse awiri mofanana, kuti kutsogolo nakonso kutsike. Pa njinga zambiri zotchipa mutu wa foloko unamangidwa pa chitsulo chapamwamba, ndiye sizitheka, asakakamize.

Ndipo musaiwale sitandi. Njinga ikatsika, sitandi ya pambali imasanduka yaitali, njinga imaima chilili, kamphepo kapena mwana wotsamira n'kuigwetsera kumanja. Owotcherera adulepo molingana ndi mmene mwatsitsira, ndipo pansi pake awotcherepo kachitsulo kotambalala ngati chikhatho cha mwana, isamamire mumchenga wa kunyanjako.

FUNSO: Aliyense akundiuza kuti njinga ya akazi ndi sikuta poti ilibe magiya. Ndimaphunzitsa m'tauni, ndimakhala ku Area 25, koma kamodzi pamwezi ndimapita kumudzi ku Dowa. Ndigule sikutayo?
Mphunzitsi, Lilongwe

YANKHO: Njinga ya akazi kulibe, aphunzitsi, pali njinga ya patala ndi njinga ya pafumbi. Sikuta ndi yabwino pa mzere wa magalimoto a m'mawa: simugwira kilatchi, miyendo ili mkati, pansi pa chishalo mulowa makope a ana. Koma matayala ake nthawi zambiri ndi a mainchesi 10 kapena 12, ndipo tayala laling'ono limalowa m'dzenje lonse pamene la 17 kapena 18 limadutsa pamwamba. Pamchenga limakumba. Injini ndi thanki zili kumbuyo, kutsogolo n'kopepuka, ndiye pamiyala ing'onoing'ono imaterereka msanga. Mphamvu imapita ku tayala kudzera pa lamba, amene fumbi limamudya, ndipo akaduka pa Mponela simudzamupeza pa shopu ya masipeyala a kabaza. Batire ikafa, sikuta siilira poikankha. Pamtsetse wautali injini siigwira kwenikweni, mabuleki okha ndiwo amavutika mpaka kutentha. Ndiponso musaganize kuti sikuta iliyonse ndi yaifupi. Zambiri zili ndi chishalo chotambalala ndi popondera potambalala, moti wamfupi amavutika kufika pansi kuposa pa GN125.

Ngati chikukuopsani ndi kilatchi, pali njinga yapakati, yotengera Honda Super Cub, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1958 ndipo pofika 2017 anali atapanga zoposa 100 miliyoni. Honda Wave ndi za 110cc za ku China zili m'banja lomwelo. Matayala ndi a mainchesi 17, kulemera cha pa makilogalamu 100, pakati n'potsika moti simuponya mwendo pamwamba pa chishalo, magiya ndi 4 opondera ndi phazi koma dzanja lamanzere liribe ntchito, kilatchi imadzigwira yokha. Chofooka chake ndi thanki ya malita 4 okha, ndiponso siikonda katundu wolemera pachitunda.

Kunena zoona, kilatchi anthu amaikuza chabe. Masiku awiri kapena atatu pabwalo la mpira, mukumasula chogwirira pang'onopang'ono mpaka njinga iyambe kukoka yokha musanaonjezere moto, dzanja limagwira mutu wake. Ulendo wa ku Dowa ukakhala wa mwezi ndi mwezi, sikuta isiyeni. Sankhani pakati pa yamtundu wa Cub ndi ya magiya ya 125cc.

FUNSO: Ndikufuna kudzidzimutsa mayi a kunyumba ndi njinga ya 200cc kuti asamavutike pa zitunda popita ku chipatala kumene amagwira ntchito. Sanakwerepo. Ndi maganizo abwino?
Bambo, Thyolo

YANKHO: Mtima ndi wabwino, bambo, koma nsapato sagulira munthu ali kunyumba. Atengeni akakhalire okha. Ya 125cc imakwera zitunda za ku Thyolo bwinobwino ndi munthu mmodzi, bola atsitse giya msanga, imathamanga 80 mpaka 90 pamalo abwino, ndipo lita imodzi imayenda makilomita 35 mpaka 45. Imalemera makilogalamu 105 mpaka 125. Za 200cc zambiri zimayambira cha pa 128 kupita m'mwamba, ndi zazitali, ndipo kulemerako kuli pamwamba, kumene kumagwetsa wophunzira. Palinso za laisensi: ku Road Traffic, A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, yoposa apo imafuna A. Ngakhale Boxer 150 ili ku A.

Pa ndalama zimene mwakonza, patulani gawo limodzi mwa magawo 5 la helemeti, nsapato, sukulu yokwera njinga, laisensi, kulembetsa ndi inshulansi. Ndiye aphunzire kudzutsa njinga ikagwa, chifukwa idzagwa ndithu, mwinanso pamatope a m'minda ya tiyi palibe munthu. Sanyamula ndi msana. Azimitse injini, atseke kampopi ka petulo, aike giya 1 kuti isathawe. Ikakhala yagwera kumanja, atambasule sitandi ya pambali kaye kuti isapitirire kugwera mbali inayo. Aifulatire, anyonyomale chiuno chitatsamira m'mphepete mwa chishalo, dzanja lina ligwire handulo imene ili pansi, lina chitsulo cha kaliyala, mutu m'mwamba, kenaka akankhe ndi miyendo akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mayi wa makilogalamu 50 amadzutsa ya 120 mwanjira imeneyi. Ikadzuka siilira msanga poti petulo wasefukira mu kabuleta. Adikire mphindi ziwiri, atsegule kampopi, ailize moto atautsegula kwambiri.

FUNSO: Manja anga ndi aang'ono. Kilatchi ndimaifikira ndi nsonga za zala ndipo ikulimba, pofika madzulo dzanja lauma. Kiki nayo imandibwezera.
Wazaumoyo, Dedza

YANKHO: Kilatchi ya 125cc yabwinobwino imakokeka ndi zala ziwiri. Ikalimba, kawirikawiri ndi kebulo youma ndi fumbi. Imasuleni ku chogwirira, muiimike, mudonthezeremo oyilo wa injini mpaka atulukire kumunsi. Mukaona tiwaya tothothoka, kapena kebulo inapindika pansi pa thanki, gulani ina. Ndi yotchipa ndipo imaduka tsiku loipa. Kenaka masulani mabawuti a pa handulo, mutembenuze chogwirira kuti mutakhala pachishalo, mkono, dzanja ndi zala zikhale pamzere umodzi. Zambiri zimabwera zitaloza kumwamba. Kunsonga kwa chogwirira kuzikhala kamasewera ka mamilimita 10 mpaka 20. Mukaika pa 20 chimayandikira zala, koma mukapitirira apo kilatchi siimasuka yonse, magiya amalowa mogogoda ndipo neutral amasowa. Mukathetseratu kamasewerako, mapuleti a kilatchi amaterereka n'kupsa. Chogwirira chosinthika mtunda chimapezeka m'mashopu a m'tauni. Musapinde chakalecho ndi paipi: chitsulo chake chimathyoka, mwinanso mawa lake muli pamsewu. Ndipo amene sanagule, asankhe ya buleki ya disiki kutsogolo, chifukwa imafuna mphamvu yochepa ya zala kuposa ya dilamu.

Kiki siifuna mphamvu, imafuna nthawi yake. Ikani njinga pa sitandi yapakati. M'mawa wa June ku Dedza kokani choke, kachogwirira kothandiza injini yozizira kulira. Pondani pang'onopang'ono mpaka mumve kulimba, bwezani kiki pamwamba, ndiye mutsike nayo kamodzi ndi thupi lonse mpaka pansi, moto musanatsegule. Imabweza mukaponda theka kapena mukatsegula moto. Mukamadzagula ina, ikhale ndi zonse ziwiri, sitata ndi kiki.

FUNSO: Kumidzi kumene ndimagwira ntchito sindingafike pa msonkhano wa amfumu nditavala thalauza. Kodi ndingakwere ndi chitenje? Nanga helemeti ndi tsitsi loluka zimayendera limodzi?
Mlangizi wa zachitukuko, Mzimba

YANKHO: Nkhawa yanu ili ndi mizu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, ndipo m'midzi yambiri maso a anthu akadali komweko. Koma tcheni sichidziwa mwambo. Nsonga ya chitenje ikagwidwa ndi sprocket (chitsulo cha mano chimene tcheni chimayendapo) kapena masipoko imakulungika nthawi yomweyo, tayala n'kuima, munthu n'kukokedwera pansi. Valani thalauza yolimba ya jinzi, chitenje mupinde muike m'chikwama, mukamange mutatsika pa mtengo womaliza musanalowe m'mudzi. Ndi mmene amachitira ambiri. Mukafuna kuchimangiratu, chipindeni pakati chilekeze m'mawondo, nsonga zonse muzikhalire. Mpango wam'khosi ulowe mkati mwa jekete. Njinga ya chikuto chotseka tcheni chonse, monga AG200 ndi Boxer, ndi yabwinopo, ndipo zina za ku India zimabwera ndi kachitsulo kotchinga tayala lakumbuyo, kamene anakapangira amayi ovala sari. Ngati kalipo, makaniko asakachotse.

Thalauzayo imatetezanso katumba wa kumanja ku ekizozi, imene imawotcha mpaka kusiya chipsera chosatha. Nsapato ikwirire kakolo, ikhale ndi soli yokhuthala masentimita 2 kapena 3, zimene zimakutalikitsaninso mwendo. Zingwe zake muzilowetse mkati. Chingwe chikakola pa chopondera magiya, phazi limakana kutsika pamene mwaima, ndipo mumagwa anthu akuona.

Za helemeti, zungulizani tepi m'mutu, chala chimodzi pamwamba pa nsidze: 53 mpaka 54 ndi XS, 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L. Zambiri za pamsika ndi L ndi XL, zimene zimazungulira m'mutu mwa mayi ngati mphika pa mwala. Yezani muli ndi tsitsi limene mumakhala nalo masiku ambiri. Mukagula yaikulu chifukwa cha maluko a mwezi umodzi, tsiku lomasula idzakhala ikugwedera. Maluko ogona otsikira kukhosi ndiwo amagwirizana ndi helemeti. Mfundo ya pamwamba pamutu imaikweza n'kusiya chipumi poyera. Kansalu kosalala kopyapyala mkati kamateteza tsitsi. Itamangidwa, pansi pa chibwano palowe zala ziwiri zokha, ndipo wina akaikoka kumbuyo kupita kutsogolo isavuke. Funani yotseka chibwano, ya chizindikiro cha chitetezo cha ECE 22.05 kapena 22.06 chosokedwa pa lamba, ya galasi loyera. Jekete, magolovesi ndi nsapato gulani pa kaunjika, palibe vuto. Helemeti ayi: siponji yolimba yamkati imaphwanyika kamodzi kokha, ndipo kunja sikuonetsa kuti inagwapo.

FUNSO: Ndapeza njinga pa theka la mtengo wa yatsopano. Mwini wake ankachitira kabaza chaka chimodzi chokha. Ndakhalapo, miyendo ikufika bwino. Akuti mapepala adzandipatsa pambuyo. Ndigule?
Wochita geni ya tomato, Ntcheu

YANKHO: Mawu akuti "pambuyo" ndiwo atiimitsa, mayi. M'maboma a m'malire ngati kwanuko njinga zambiri zimalowa kuchokera ku Mozambique osalipira msonkho ku MRA. Yotero simungailembetse, inshulansi simungadule, ndipo pa rodibuloko apolisi akhoza kuigwira. Ikapezeka kuti ndi yobedwa, wofunsidwa ndi amene wakwerapo. Onani bulu buku ndi maso anu. Nambala ya chassis inadindidwa pakhosi pa njinga, kuseri kwa nyale; ya injini ili m'munsi mwa injini, nthawi zambiri kumanzere. Pukutani, muwerenge chilembo chimodzichimodzi. Pakaoneka popalidwa kapena popakidwa penti yatsopano, bwererani. Zonse zikagwirizana, lemberanani kalata yogulitsana pali mboni ndi ziphaso zaunzika, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe mutapita limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini.

Chaka chimodzi cha kabaza si chaka chimodzi cha mphunzitsi. Njinga yoyenda makilomita 100 patsiku kwa masiku 300 yayenda 30,000, yambiri mwa iwo itasenza anthu atatu. Mita yake musaiwerenge, kebulo amaichotsa. Onani mmene mphira za popondera zadyekera. Kumiyendo kukufikani mwinanso chifukwa mashoko anafooka, ndiye mukadzaika atsopano idzakwera.

Pitani m'mawa ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Gwirani injini ndi dzanja: ikakhala yofunda, aitenthetseratu kuti ibise kuvuta kulira. Utsi wabuluu ngati wa mafuta opsa ukutanthauza kuti ikudya oyilo, maring'i atha. Chotsani chishalo muone zitsulo za pansi pake ndi za pakhosi. Zowotcherera zatsopano zikusonyeza kuti inathyokapo ndi katundu kapena ngozi. Pa sitandi yapakati, tayala lakutsogolo lili m'mwamba, tembenuzani handulo pang'onopang'ono: ikamakodwa pakati, mabering'i a pakhosi atha. Gwedezani tayala lakumbuyo cham'mbali, lisasewere. Mafoloko asakhale onyowa ndi oyilo. Menyani masipoko ndi sipanala, olimba amalira ngwee, omasuka amangoti phu. Mano a sprocket akasongoka n'kupindika ngati minga ya mthethe, tcheni ndi masprocket onse awiri zisinthidwe pamodzi, poti chatsopano pa chakale chimatha m'miyezi yochepa. Zonsezi ziwerengeni, muzichotse pa mtengo.

Musanamalize, yendani pa shopu ya masipeyala imene ili pafupi ndi kwanu, mutchule dzina la njingayo, mufunse kebulo ya kilatchi, mabuleki, tcheni, CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi) ndi chubu. Akatulutsa zonse pa shelefu, njingayo ndi ya kwanu. Akati tiitanitsa ku Limbe, ganizaninso, chifukwa tomato sadikira.

Mukagula, yambani ngati simukudziwa chimene chili mkati. Thirani oyilo watsopano, pafupifupi lita imodzi ya 20W-50 wa njinga wolembedwa JASO MA. Wa galimoto wina amatereretsa kilatchi poti pa njinga kilatchi imasamba mu oyilo yemweyo. Pa fumbi muzisintha pa makilomita 2,000 aliwonse. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya (air filter), ikani pulagi yatsopano. Mpweya wa m'matayala ukhale cha pa 25 psi kutsogolo ndi 29 kumbuyo, 33 mukasenza mabokosi. Tcheni chizisewera masentimita 2 mpaka 3 pakati pake, muzichitsuka ndi palafini. Mabokosi a tomato asapitirire kumbuyo kwa tayala, chifukwa amapepula kutsogolo ndipo pachitunda handulo imasiya kumva; amangeni motsika, moyandikira msana wanu. Pa paipi ya petulo ikani kasefa kang'ono koonekera mkati, makamaka ngati nthawi zina mumagula wa m'zigubu. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikati ikhale milungu iwiri osayenda, tsekani kampopi, muisiye ilire mpaka izime yokha, kabuleta ikhale youma.